Fomu ya Masamba Khumi ndi Anayi

Envelopu inafika Lachiwiri, mvula ya ku Greenock ikuwaza pazenera,
ndipo inagona milungu itatu pansi pa chitini cha shuga.
Bambo ankailambalala ngati galu wa eni ake.
Tsiku loitsegula anavala tayi.

Dzina: Lachlan Rennie.
Dzina lina limene munkadziwika nalo?
Anayang'ana kudenga. Lemba fote seveni, mwanawe.
Inali pamalaya, pabulangeti, pansi pa kapu,
ndipo mpaka lero basi ya nambala imeneyo ikaima
amaisiya ipite, n'kudikira ina pamphepo.

Fotokozani zimene zinakuchitikirani.
Kabokosi kake n'kofanana ndi chikhatho changa.
Malo akachepa, akuti, onjezani pepala.
Zaka zisanu ndi zinayi, bambo,
tizipinda kangati kuti zikwane umu?

Anayamba ndi zing'onozing'ono.
Phala lozizira lokhala ndi mabuluku.
Nsalu yonyowa ndi mkodzo atawafunditsa kumutu,
ataimitsidwa pakhonde anzawo akudutsa pamzere.
Lamba wa kuseri kwa chitseko
amene anali ndi dzina, pomwe ana analibe.
Kenako tinafika pa chipinda cha malasha
ndipo mawu anathera pakhosi.
Ndinaika cholembera pansi.
Ketulo inalira mpaka kutopa, palibe anadzuka.

Ine ndinakula ndikudabwa
chifukwa chake kwathu zitseko sizinkatsekedwa,
chifukwa chake amayi pochapa
ankapeza zidutswa za buledi m'matumba a jekete,
chifukwa chake munthuyu sanandimenyepo
komanso sanandikumbatirepo.
Mayankho ndawalemba ndekha, patsamba lachisanu ndi chimodzi,
ndi inki yakuda monga analamulira.

Akufuna umboni.
Mabuku a nyumba ija anapsa, akutero ena,
ena akuti ananyowa,
zimatengera amene wayankha foni.
Koma Ishbel wa ku ofesi, mayi wosatopa,
anafukula makatoni miyezi inayi
n'kupeza mzere umodzi m'kaundula wothimbirira:
Anyamata awiri apachibale alandiridwa lero. Ali ndi nsabwe.

Awiri.

Sindinkadziwa kuti ndinali ndi bambo aang'ono.
Ewan. Fote eyiti.
Anatsokomola nyengo yonse ya chisanu pabedi loyandikana,
m'mawa wina matiresi anali atapindidwa,
ndipo wamkuluyo anauzidwa kuti amalize phala lake.

Ndalama zinalowa kubanki mu Novembala.
Tisanazione tinasaina kuti kukhoti sitidzapitako.
Panabweranso kalata yopepesa, pepala lolimba bwino,
yosainidwa ndi munthu amene nthawi imeneyo anali asanabadwe.
Bambo anaiwerenga kawiri, milomo ikuyenda,
n'kunena kuti, koma dzina langa alemba molondola.
Amati madzi akatayika saoleka.
Boma latumiza supuni,
ndipo sindikunyoza, pakuti ludzu la zaka makumi asanu ndi limodzi
silifunsa kukula kwa chikho.

Ndinkaganiza kuti akonza denga, kapena mano.
Anapita kwa wosema miyala.
Wosemayo anati amalipiritsa pa chilembo chilichonse,
bambo anati lembani zonse,
Ewan Alasdair Rennie, mng'ono wake wa Lachlan,
ndipo manambala musaikepo, ngakhale a chaka.

Manda ake sakudziwika.
Pamene panali nyumba ija pali mafulati ndi poimika magalimoto,
kumbuyo kwake kamunda ka udzu wosatchetcha
kamene khonsolo inatilola, patatha makalata ena asanu.
Tinaimika mwalawo Loweruka, mphepo ikuchokera kumtsinje.
Mnyamata wina panjinga anaima, anatiyang'ana, anapitirira.

Bambo anapisa dzanja m'thumba,
anatulutsa kachidutswa ka buledi wa dzulo,
anakaika pamwamba pa mwala.
Mbalame za kudoko zinali zitayamba kale kuzungulira.
Zisiye, anatero.
Pobwerera anagwira mkono wanga potsika masitepe,
mwina chifukwa panali poterera.